Nkhunzi ya pa okushoni: zoyenera kudziwa musanakweze dzanja

Ng'ombe yaikazi ikabwera ndi matenda obisika, kawirikawiri amene amalira ndi mwini khola yekha. Nkhunzi si choncho. Kuno ku Mangochi ng'ombe za makola angapo zimatuluka m'mawa n'kukasakanikirana kudambo limodzi, zimamwera pa doko limodzi, ndipo nkhunzi ikaona yaikazi yofuna kukweredwa siifunsa kuti ndi ya kwa yani. Dzinja limodzi likamatha imakhala itakhudza ng'ombe za mudzi wonse. N'chifukwa chake kugula nkhunzi ndi nkhani yolemera kuposa mmene ambiri timaitengera, ndipo ndalama imene mwapambana nayo pa okushoni ndi gawo chabe la zimene mudzalipire.

Tiyambe ndi kusiyanitsa misika, chifukwa si okushoni iliyonse imene ili ya mbewu. Pali malonda amene famu imodzi, ya boma kapena ya munthu, imatulutsa nkhunzi zake zimene inabereketsa yokha. Pamenepo ng'ombe zonse zachokera khola limodzi, mbiri yake ilipo, ndipo woti mumufunse mafunso alipo. Ndiye pali misika ya ng'ombe yosonkhanitsa ziweto za anthu ambirimbiri, ngati ija ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe ogula ambiri ndi mabutchala ndi onenepetsa ng'ombe. Wabutchala akufuna makilogalamu basi, ndipo ng'ombeyo ikhala itazingidwa sabata isanathe. Inu mukufuna chiweto chokhala nanu zaka zingapo. Mukamapikisana naye mtengo, dziwani kuti iye sakuika khola lililonse pachiswe. Ndipo nkhunzi yaikulu, yooneka bwino, ikapezeka pamsika wotere, funso loyamba n'lakuti mwini wake akuitayiranji. Mwina yayamba kukwera ana ake omwe, chimene ndi chifukwa chabwino. Mwina akufuna fizi ya ana. Koma mwinanso zazikazi zake zasiya kutenga mabere, ndipo iye wazindikira kumene kuli vuto.

Mubwalo la okushoni ng'ombe imazungulira mphindi zochepa chabe. Mumaona linunda, khosi, matako, mmene ikuyendera. Matenda amene angakusaukitseni kwambiri saoneka ndi maso ngakhale mutaiyang'ana tsiku lonse.

Oyamba ndi matenda opatsirana pokwerana, ndipo awa ndikufuna tiwakambe mofatsa chifukwa alimi ambiri sawadziwa n'komwe. Alipo awiri odziwika: trichomoniasis ndi campylobacteriosis, ena amati vibriosis. Tizilombo take timakhala m'makwinya a khungu lophimba chida cha nkhunzi. Nkhunziyo siidwala, siitentha thupi, imadya bwino, imakwera mwamphamvu. Yaikazi imatenga bere, koma kamwanako kamafera m'mimba kadakali kakang'ono, moti nthawi zambiri simuona n'komwe kuti yapoloza. Chimene mumaona n'chakuti ng'ombe imene inakweredwa ikufunanso nkhunzi, osati pa masiku 21 monga mwa nthawi zonse, koma patapita mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri. Mlimi amaganiza kuti ndi msipu wochepa, kapena kutentha, kapena kuti ng'ombeyo ndi youma. Popeza bere la ng'ombe limatenga miyezi isanu ndi inayi ndi masiku angapo, pofika pozindikira kuti mathole achepa chaka chatha kale, ndipo amene anakugulitsani simungamupezenso.

Zazikazi zambiri zimachira zokha zikapuma miyezi ingapo osakweredwa. Nkhunzi ndi imene imasunga matendawa, makamaka ikapitirira zaka zitatu kapena zinayi, pamene makwinya aja amakhala atazama. Nkhunzi yaikulu yokhala ndi trichomoniasis imakhala nayo moyo wake wonse; palibe jakisoni wodalirika woichiza, njira yake ndi kwa butchala. Kuyeza kumatheka: dokotala wa ziweto amakanda kapena kutsuka mkati mwa khungu lija n'kutumiza ku labotale, ndipo chifukwa kuyeza kamodzi kumatha kuphonya, amalangiza kuyeza katatu motalikitsa ndi sabata imodzi, nkhunziyo ili yosakwera. Tinene zoona, kuchokera ku Makanjira kapena ku Katuli, kufikitsa zoyezazo ku labotale ya ziweto ku Blantyre kapena ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe zikadali zabwino si chinthu chapafupi. Ndiye chitetezo chotsika mtengo kwambiri chimene mlimi wamba ali nacho ndi kugula nkhunzi yaing'ono imene sinakwerepo, yochokera pa famu imene amalekanitsa tinkhunzi ndi zazikazi tikangosiya kuyamwa. Ine ndingalolere kudikira miyezi isanu ndi umodzi kuti kankhunzi kakule kusiyana ndi kutenga chimphona chimene chadutsa m'makola atatu.

Zaka musamve za m'kamwa mwa wogulitsa, muone m'kamwa mwa ng'ombe. Mano akutsogolo a m'munsi ndi amene amanena. Awiri akuluakulu oyamba amatuluka ng'ombe ikamayandikira zaka ziwiri, ena awiri cha pa zaka ziwiri ndi theka mpaka zitatu, ndipo onse asanu ndi atatu amakwanira ikafika zaka zinayi kapena zisanu. Ng'ombe zathu za linunda zimachedwerapo pang'ono. Ya mano awiri ndiyo mukuifuna.

Brucellosis ndi matenda ena opolozetsa, koma awa amapolozetsa bere litakula, cha m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndipo zotsalira zimakanirira osatuluka. Apa anthu amasokoneza pang'ono. Nkhunzi si imene imafalitsa kwambiri matendawa pokwera. Amafala makamaka ng'ombe zikanyambita thole lopolozedwa, zotsalira, kapena kudya udzu umene wagwera madzi a m'chiberekero. Koma nkhunzi yochokera m'khola la brucellosis imatha kutupa machende n'kusiya kubereketsa, ndipo ikapezeka nawo m'magazi ndiye kuti khola lonse limene yachokera ndi lokayikitsa, kuphatikizapo misoti imene mwina mwagula pamodzi nayo. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti matendawa amagwiranso anthu. Wothandiza ng'ombe kubereka ndi manja opanda magolovesi, kapena banja lomwa mkaka wosawiritsa ndi chambiko chake, amatha kudwala kutentha thupi kobwerezabwereza, kutuluka thukuta usiku, kuphwanya m'mfundo. Amamwa LA, osasintha, chifukwa si malungo. Kuyeza kwake n'kwa magazi, koyamba kumatchedwa Rose Bengal, ndipo n'kofulumira. Ng'ombe imene yangotenga kumene matendawa imatha kuoneka yopanda vuto, choncho ndi bwino kuyezanso patatha mwezi umodzi kapena iwiri.

Chifuwa chachikulu cha ng'ombe nachonso chimayenda mwakachetechete, ndipo nachonso chimafika kwa anthu kudzera mumkaka wosawiritsa. Amabaya mankhwala oyezera pakhungu la pakhosi n'kudzaona kutupa kwake patatha maola 72. Zimenezi sizingachitike tsiku la okushoni. Wogulitsa ayenera kuti anachita kale, kapena muchite inuyo m'khola la mbindikiro, lopatuliramo ng'ombe yachilendo isanasakanikirane ndi zinzake.

Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi aliyense amawadziwa, chifukwa akabuka boma limatseka misika ndi kuletsa kuyendetsa ziweto. Kuchigwa cha Shire amabukabuka, makamaka chifukwa njati za m'malo otetezedwa ngati Lengwe zimasunga kachilomboka osadwala. Chovuta n'chakuti kuchokera pamene ng'ombe yatenga kachilomboka kufika poonetsa dovu ndi kutsimphina pamatha kupita masiku awiri mpaka 14, ndipo imayamba kupatsira zinzake zizindikiro zisanaoneke. Pa okushoni yosonkhanitsa makola ambiri, nkhunzi yanu ikhoza kuchoka kwawo ili bwinobwino n'kutengera matendawa pomwepo, pa chomwera chimodzi, kapena mu lole imene dzulo lake inanyamula ng'ombe zina. Chilolezo choyendetsera ziweto chochokera ku ofesi ya zaziweto ambiri timachiona ngati pepala loonetsa apolisi pa rodibuloko. Ntchito yake yeniyeni ndi kutsimikiza kuti dera limene ng'ombe ikuchokera si lotsekedwa ndiponso kuti wa zaziweto waiona. Musanapite n'komwe ku okushoni, pitani ku ofesi ya zaulimi ya boma lathu kapena kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu mukafunse ngati kumene mukupitako n'kotsegula. Ndipo ng'ombe zolowa m'njira zachidule kuchokera ku Mozambique, cha ku Chiponde kapena kumtunda kwa Makanjira, ngakhale zitchipe bwanji, zilibe pepala, zilibe mbiri, ndipo zina mwa izo eni ake akuzifunafuna.

Zonsezi ndi zimene nkhunzi ingabweretse. Mbali inayo ndi zimene idzapeze kuno, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera.

Pali chinthu chimodzi chimene chimamveka chokhota koma n'choona: famu yosamala kwambiri ndi imene ingakupatseni nkhunzi yosachedwa kufa. Ng'ombe zathu za Malawi Zebu zimalumidwa ndi nkhupakupa kuyambira zili mathole. Pa msinkhu umenewo thupi limalimbana bwino ndi tizilombo toyambitsa mkodzo wofiira ndi matenda a ndulu, omwe madokotala amati babesiosis ndi anaplasmosis, ndipo thole limakula lili ndi chitetezo. Nkhunzi imene yakulira pa famu yosambitsa ng'ombe mudipi sabata iliyonse mwina sinakumanepo ndi tizilomboti. Ikafika kudambo la ku Malombe ili yaikulu kale, nkhupakupa zoyamba kuiluma zimaipatsa matenda amene anzake a m'mudzimo anathana nawo kalekale. Pakatha milungu iwiri kapena inayi mumaona yasiya kudya, yatentha thupi, m'maso mwayera kapena mwachita chikasu, mkodzo wafiira. Palinso heartwater, yobwera ndi nkhupakupa zija zamawangamawanga, imene imachititsa ng'ombe kuyenda mozungulira, kugwa n'kumaphupha. Choncho funso loti mufunse wogulitsa si lakuti "mumasambitsa?" lokha, koma "mumasambitsa kangati, ndi mankhwala anji, ndipo ng'ombe zanu zimadya kutchire kapena m'khola?" Yankho lake likuuzani kuchuluka kwa chisamaliro chimene nkhunziyo idzafune miyezi yoyambirira.

Chigodola cha ng'ombe, East Coast fever, chimasautsa kwambiri kuchigawo chapakati ndi kumpoto. Chimayenda ndi nkhupakupa yofiirira yokonda m'makutu, imene imakonda malo ozizirirapo ndi a chinyezi. Kumtunda ngati ku Namwera nyengo imaikomera kusiyana ndi m'mphepete mwa nyanja motentha. Chizindikiro chake ndi mwanabele wotupa pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, kutentha thupi kwambiri, kenako kubanika. Katemera wake alipo, amapangidwa ku Lilongwe ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, ndipo kachitidwe kake n'kobaya ng'ombe tizilombo tamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline kuti idwale pang'ono n'kukhala ndi chitetezo chokhalitsa. Koma ng'ombe yotemeredwa motere, kapena imene inadwala n'kuchira, imatha kusunga tizilomboto m'thupi. Mukaibweretsa kumene kuli nkhupakupa ya mtunduwo koma ng'ombe zake sizinakumanepo ndi chigodola, ndi inu amene mwabweretsa vuto. Nkhani iyi ndi yokambirana ndi dokotala wa ziweto wodziwa dera lanu musanagule, osati mutagula.

Amene muli kufupi ndi nkhalango ya Liwonde ndi nkhalango ya Mangochi muganizirenso za kashembe, amene amapatsa ng'ombe matenda oondetsa ndi kuchepetsa magazi pang'onopang'ono. Ndipo tonse odyetsa m'madambo a m'mbali mwa Shire, Malombe ndi nyanja ya Malawi tili ndi vuto la nyongolotsi za m'chiwindi, zimene zimadutsira mu nkhono za m'madzi n'kukamatirira pa udzu. Mabutchala amadziwa bwino ziwindi zimene oyeza nyama amataya. M'chilimwe, pamene msipu wobiriwira watsala m'madambo mokha, ng'ombe zonse zimakhamukira komweko. Nkhunzi yachilendo yochokera kumtunda kouma imafooka msanga.

Za mtundu ndinenepo mwachidule. Brahman ndi Boran ndi za linunda, zimapirira kutentha ndi nkhupakupa kusiyana ndi mitundu ya ku Ulaya, ndipo mathole ake amakula msanga. Koma zazikazi zathu ndi zazing'ono thupi. Nkhunzi ya mutu waukulu ndi mapewa otambalala ikakwera msoti wa Malawi Zebu, tsiku lobereka mukhoza kutaya mayi ndi mwana yemwe, usiku, dokotala ali kutali. Nkhunzi ya magazi osakaniza, kapena ya Malawi Zebu yosankhidwa bwino, nthawi zambiri ndi imene imagwirizana ndi khola limene lilibe madeya okwanira m'mwezi wa Okutobala.

Fikani pa okushoni m'mawa, malonda asanayambe, mukaione ng'ombe m'khola lodikirira. Ngati pali mpanda wopanikizira ng'ombe, pemphani ailowetse. Machende ndiwo mukugula, choncho musachite nawo manyazi: akhale awiri, ofanana, olimba ngati mnofu wa mkono wokungidwa, oyenda momasuka m'thumba mwake, opanda chotupa kapena kutentha. Madokotala amayeza kuzungulira kwa thumbalo ndi tepi. Pa mitundu ya ku Ulaya amafuna masentimita osachepera 30 pa miyezi 15 ndi 34 ikakwana zaka ziwiri. Za linunda zimakhwima mochedwerapo ndipo pa msinkhu womwewo zimachepera, choncho yerekezani ndi zinzake za mtundu ndi msinkhu umodzi. Kumene amayeza umuna, amafuna kuti mbewu zosachepera 70 pa 100 zilizonse zikhale zoumbika bwino. Pa Brahman yang'anani khungu lolendewera pansi pa mimba: likatsika kwambiri limakolana ndi minga ndi zitsa, chida chimavulala, ntchito yathera pomwepo. Miyendo yakumbuyo ndi imene imanyamula thupi lonse pokwera, ndiye ionetseni ikuyenda pamalo olimba, muone ziboda ngati zili zofanana ndi zosang'ambika. Tsegulani kukamwa muone lilime ndi nkhama ngati zili ndi zipsera. Pitsani dzanja pakhungu kufufuza timabuluzi ta matenda a zotupa pakhungu, ndi nkhanambo zomata ubweya. Kachipangizo koyezera kutentha thupi n'kotchipa. Ng'ombe yopuma pamthunzi ikapitirira madigiri 39.5, pali chimene chikuivuta.

Kunenepa kusakukopeni. Nkhunzi yonenepetsedwa ndi madeya ndi zakudya za m'matumba kuti iwale tsiku la malonda ndi chikomekome cha mkuyu. Mafuta akadzaza m'thumba la machende amatenthetsa mbewu, ziboda zimafewa, ndipo ikayamba kuyenda mtunda wautali kufuna udzu wouma wa kuno imasungunuka mwezi umodzi. Dziwaninso kuti ng'ombe yodwala ikabayidwa jakisoni masiku awiri malonda asanachitike imatha kuoneka yamphamvu kwa sabata.

Apa ndi pamene mbindikiro umabwera, ndipo khola lake limangidwe musanapite ku okushoni, chifukwa mukafika nayo madzulo mutatopa mudzangoilowetsa mwa zinzake. Likhale patali moti singagundane mphuno ndi ng'ombe zina, kumunsi kwa khola lalikulu kuti madzi a mvula asatengere ndowe zake kwa zinzake, ndi chomwera chakechake. Mbuzi ndi nkhosa nazonso zisafikeko, popeza zimatenga matenda a zilonda aja. Masiku 30 ndi muyezo wabwino: amapitirira nthawi imene matenda a zilonda, chigodola ndi zotupa pakhungu amatenga kuti aonekere. Tsiku lofika ipoperani mankhwala a nkhupakupa thupi lonse, m'makutu ndi pansi pa mchira momwe, kuti nkhupakupa za kwawo zisagwere m'dothi lanu. Zina mwa izo zimakhala zoti sizimvanso mankhwala amene ife timagwiritsa ntchito. Ipatseni mankhwala a nyongolotsi. Alangizi atenge magazi, ayeze chifuwa, apereke katemera amene akufunika m'dera lanu. Woidyetsa aziyamba ndi ng'ombe zakale, iyo kumapeto, ndipo azisamba m'manja ndi kutsuka nsapato. Muziiyeza kutentha thupi m'mawa uliwonse, chifukwa matenda a nkhupakupa akapezeka tsiku loyamba amachizika, akachedwa masiku atatu mumakhala mukuitana wozinga.

Pali chifukwa china chosafulumirira. Mbewu ya nkhunzi imatenga pafupifupi masiku 60 kuti ipangike. Nkhunzi imene yatentha thupi, kapena yavutika pa ulendo wautali wa pa lole dzuwa lili phwee, imatha kukhala miyezi iwiri ikukwera koma osabereketsa bwino. Ndiye ngati mukufuna iyambe ntchito mvula ikagwa ndi msipu utaphuka, igulidwe miyezi iwiri kapena itatu nthawiyo isanakwane, ngakhale zikutanthauza kuidyetsa m'chilimwe. Pewaninso kugula Idi ya nsembe ikuyandikira. Ofuna ng'ombe zozinga amachuluka ndipo mitengo imakwera. Ikayamba ntchito, yaing'ono musaipatse zazikazi zopitirira 10 mpaka 15. Yokhwima imakwanitsa 25 kapena 30.

Nanga mtengo muuyeza bwanji? Tiyerekeze kuti nkhunziyo idzakwera zazikazi 20, zanu ndi za anansi, ndipo m'chaka chabwino mumayembekezera mathole 12. Matenda opatsirana pokwerana akadula chiwerengerocho ndi theka, mwataya mathole asanu ndi limodzi chaka choyamba chokha, osawerengera mkaka. Werengani mtengo wa mathole amenewo pa msika wa kwanu, muuike pambali pa kusiyana kwa mtengo pakati pa nkhunzi ya mbiri yodziwika ndi ija yotchipa. Kenako pa ndalama imene muli nayo chotsani ya lole, ya chilolezo, ya kuyeza, ya mankhwala ndi chakudya cha mwezi wa mbindikiro. Yotsalayo ndiye malire anu, ndipo muilembe papepala musanalowe m'bwalo, chifukwa mitengo ikayamba kuthamanga ndipo anthu akukuyang'anani, dzanja limakwera lokha. Funsaninso malamulo a okushoniyo malonda asanayambe. Pa yambiri, woitanira akangotseka mtengo ng'ombe ndi yanu ndi zonse zili m'thupi mwake. Ngati wogulitsa akunena kuti nkhunzi yake inayezedwa, aonetse pepala lokhala ndi tsiku, nambala ya pakhutu kapena chizindikiro chogwirizana ndi ng'ombeyo, ndi dzina la amene anayeza. Ngati akulonjeza kubweza ndalama ikapezeka ndi brucellosis kapena chifuwa m'masiku a mbindikiro, zilembedwe, pakhale mboni.

Chovuta chotsala n'chakuti mukhoza kuchita zonsezi bwinobwino, nkhunzi yanu n'kukatengera matenda kudambo, kwa yaikazi imene inakweredwa ndi nkhunzi yakale ya mnansi. Pamene ng'ombe zimadyera pamodzi, khola lenileni ndi mudzi wonse. Choncho musanagule, khalani pansi ndi anzanu odyetsa dambo limodzi, a mfumu ndi alangizi alipo. Gwirizanani kuti nkhunzi zokalamba ndi tinkhunzi tosafunika zithenedwe zikhale zokoka ngolo kapena zigulitsidwe, kuti yaikazi yopoloza isakweredwe kwa miyezi itatu ndipo thole lopolozedwalo likwiriridwe mozama agalu asanalipeze, kuti tsiku lopopera nkhupakupa likhale limodzi kwa onse, ndiponso kuti aliyense wobweretsa ng'ombe yachilendo aibindikiritse monga mwachitira inu. Ngati makola asanu adzapindula ndi nkhunziyo, asonkhe nawo ya kuyeza ndi ya mankhwala. Ndipo pakatha zaka zitatu, ana ake aakazi akayamba kufuna nkhunzi, idzafunika kuchoka; mudzakhale mutapangana kale ndi mudzi wina wa ng'ombe zodziwika bwino kuti mudzasinthane, mutaziyeza zonse ziwiri.